Usiku umene rollout undo inandiwonjezera moto

Foni inalira cha m'ma 11 koloko usiku wa Lachisanu. Woimbayo sanali munthu. Anali makina aja amene tinawauza tokha kuti azitidzutsa zinthu zikavuta, ndipo sabata imeneyo wodzutsidwa ndinali ine. Uthenga wake unali waufupi: anthu ambiri amene akutsegula pulogalamu yathu akudikira masekondi 30, kenako n'kubwezedwa ndi cholakwika cha 500, nambala imene seva imabweza ikalephera ntchito. Ndinatsegula laputopu ndili pabedi pomwepo, maso akadali olemera, ndipo ndikukumbukira bwino ganizo loyamba limene linandibwerera: ili si vuto langa. Code yomaliza tinaitumiza Lolemba, ndipo inali itayenda masiku anayi osatsokomola n'komwe. Za Lachiwiri ndinali nditaiwaliratu.

Ntchito yathu imayenda pa Kubernetes. Amene simunakumane nayo, ndi pulogalamu yoyang'anira mapulogalamu ena pa maseva ambiri nthawi imodzi. Google inaitulutsa poyera mu 2014, potengera zimene akatswiri ake anaphunzira pa chida chawo cha mkati chotchedwa Borg, ndipo mu July 2015 inafika pa 1.0 n'kuperekedwa m'manja mwa bungwe la Cloud Native Computing Foundation. Dzinalo ndi la Chigiriki, limanena za munthu wogwira chiwongolero cha ngalawa. Inu simuiuza zochita chimodzichimodzi. Mumangolemba m'fayilo ya YAML mmene mukufunira kuti zinthu zikhalire. Mukalemba kuti mukufuna makope 12 a pulogalamu yanu, iyo imayang'ana zimene zilipo, n'kufananitsa ndi zimene mwalemba, ndipo pakakhala kusiyana imakonza. Kope lililonse limakhala m'kanyumba kake kotchedwa pod. Pod ikafa imadzutsa ina. Seva ikazima imasamutsira ntchitoyo ku seva ina. Sigona, sitopa, ndipo sifunsa ngati zimene mwalembazo zili zanzeru.

Lachiwiri lija kunali dandaulo lakuti masana, anthu akachuluka, pulogalamu imachedwa. Ndinayang'ana pang'ono, n'kuona kuti nthawi zina zopempha zimaima pamzere kudikira connection yopita ku database. Pulogalamu yathu ndi ya Java, ndipo ma connection amenewa amasungidwa ndi laibulale yotchedwa HikariCP, imene ikapanda kuuzidwa kanthu imasunga 10 pa kope lililonse. Ndinaganiza zosavuta: ngati 10 akuchepa, tiike 40. Nambalayo sinali mu code, inali mu ConfigMap, komwe Kubernetes imasungira zinthu zimene mumafuna kuzisintha popanda kumanganso pulogalamu yonse. Ndinasintha mzere umodzi. Mnzanga anayang'ana kusinthako n'kuvomereza m'mphindi ziwiri, nanga mzere umodzi ungatenge nthawi yanji? Ndinatumiza ku staging, malo athu oyeserera, ndinathamangitsa mayeso onse, onse anapambana. Kenako ndinalemba kubectl apply, lamulo lotumizira kusintha ku Kubernetes, ku production, kumene kuli anthu enieni, ndipo yankho linabwera la mawu amodzi kumapeto kwa mzere: configured. Ndinadikira, n'kuyang'ana ma graph. Zonse zinali bata.

Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero ndi cha Lachitatu. Masana a tsikulo pulogalamu inaoneka ngati yapepukako, ndipo ndinalembera anzanga onse kuti vuto la kuchedwa lija latha. Ena anandiyamikira. Choonadi n'chakuti palibe pod ngakhale imodzi ku production imene inali itamva za 40. Pulogalamu ikamawerenga ConfigMap kudzera m'ma environment variable, imawerenga kamodzi kokha, pamene ikudzuka. Mukasintha ConfigMap pambuyo pake, Kubernetes imalandira kusinthako n'kukusunga bwinobwino, koma siikhudza ma pod amene akuyenda kale, chifukwa kwa iyo Deployment, zolemba zija zofotokoza mmene ma pod ayenera kukhalira, sinasinthe. Mawu aja akuti configured ankatanthauza kuti pepala lalandiridwa n'kuikidwa m'kabati. Ine ndinawamva ngati akuti ntchito yagwiridwa. Kupepuka kwa Lachitatu kunangochitika poti tsikulo kunalibe anthu ambiri, basi.

Ndiye 40 uja anakhala m'kabatimo masiku atatu, kudikira pod iliyonse imene ingadzuke.

Lachisanu usiku, cha m'ma 10 koloko, imodzi mwa maseva athu a mu cloud inachotsedwa kuti ikonzedwe, zimene zimachitika nthawi ndi nthawi ndipo kawirikawiri sitizimva n'komwe. Pa seva imeneyo panali ma pod athu 5 mwa 12. Kubernetes inachita ntchito yake mokhulupirika: inawadzutsa pa maseva ena. Podzukapo anawerenga ConfigMap, n'kupezamo 40. Tsono HikariCP ili ndi khalidwe lakuti, mukapanda kuiuza zina, imatsegula ma connection onse amene yaloledwa n'kuwagwiritsitsa, kaya pali ntchito kaya palibe. Database yathu ndi PostgreSQL, ndipo tinaiika kuti izilandira ma connection 200, atatu mwa amenewo n'kukhala osungidwira superuser, akaunti ya mphamvu zonse pa database. Werengani nokha. Ma pod akale 7 anali ndi 70. Atsopano 5 ankafuna 200 paokha. Mipata inalipo 197.

Apa ndi pamene nkhaniyi inandisokonezera mutu, ndipo ndikufuna ndifotokoze mofatsa chifukwa ndi pamene ndinaphonyera. Ma pod atsopano anatenga mipata yonse yotsala, n'kumadikira ina. Akale aja anali ndi yawo, koma HikariCP siisunga connection mpaka kalekale: ikatha mphindi 30 imaitseka n'kutsegula ina yatsopano. Pod yakale ikangotseka connection yake, mpatawo unkalandidwa nthawi yomweyo ndi pod yatsopano yanjala, ndipo yakaleyo ikabwerera kuti itsegule ina inkapeza pakhomo patsekedwa. Pang'onopang'ono ma pod akale anauma. N'chifukwa chake alamu inalira patapita pafupifupi ola lathunthu seva itachotsedwa. Ndipo n'chifukwa chake, nditatsegula ma log, zolakwika zonse zinkachokera ku ma pod akale, amene anali atayenda kuyambira Lolemba. Mzere womwewo unkabwerezedwa mpaka kudzaza sikirini: Connection is not available, request timed out after 30000ms. Ma pod atsopano, eni mlandu, ankaoneka athanzi kuposa onse.

Munthu amene wadzutsidwa pakati pa usiku amagwira nkhani yoyamba imene ikumveka. Yanga inali iyi: code ya Lolemba ili ndi pobowoka, imataya ma connection pang'onopang'ono, ndipo pod ikakhala masiku anayi imauma. Umboni wake unali poyera, ma pod akale akudwala, atsopano ali bwino. Mankhwala ake ndinkawadziwa, ndipo ndinali nditawauzapo anthu ena monyadira kuti ubwino wa Kubernetes ndi umenewu, ukalakwitsa umangobwerera. Ndinalemba kubectl rollout undo, n'kutsamira pilo.

Lamulo limeneli limabweza Deployment ku mtundu wake wam'mbuyo. Kubernetes imasunga mitundu yakale 10 ikapanda kuuzidwa nambala ina, ndipo chimene imasunga ndi chithunzi cha pod: image yake (phukusi la code imene imayendetsa), ma probe (njira zoonera ngati pod ili bwino), malire a memory, ndi dzina la ConfigMap imene pod iyenera kuwerenga. Dzina lokha. Zam'kati mwa ConfigMap siziwerengedwa m'mbiri imeneyo. Choncho chimene ndinalamula usikuwo chinali chakuti ma pod onse 12 aphedwe n'kudzutsidwa ndi code ya sabata yatha, ndipo aliyense podzuka awerenge 40.

Ndinaona zikuchitika ndi maso anga. Kubernetes ikamasintha ma pod imachita pang'onopang'ono: imaloledwa kuwonjezera 25 peresenti pamwamba pa nambala yanu ndi kuchotsa 25 peresenti pansi pake, ndiye kwa ife ma pod atatu uku, atatu uku. Oyamba anadzuka bwino. Otsatira nawo anadzuka. Kenako kubectl rollout status inaima pa 8 mwa 12 osasunthanso. Ma pod ena atsopano sanapeze connection ngakhale imodzi, ndipo HikariCP ikalephera kupeza yoyamba pamene ikudzuka imagwetsa pulogalamu yonse. Pafupi ndi mayina awo panayamba kuoneka mawu amene aliyense wa ntchito imeneyi amawadziwa ngati dzina la mdani, CrashLoopBackOff. Pod imagwa, Kubernetes imadikira masekondi 10 n'kuidzutsa, igwanso, idikira 20, kenako 40, mpaka kufika mphindi 5. Zolakwika zimene zinkagwera anthu ena tsopano zinkagwera ambiri. Nditayesa kulowa mu database kuti ndione, nanenso ndinakanizidwa pakhomo: remaining connection slots are reserved.

Ndipamene ndinaimbira mkulu amene amasamala database yathu, bambo wofatsa amene anayamba ntchito imeneyi ine ndisanadziwe kuti seva n'chiyani.

"Pepani akulu, ndakudzutsani."

"Mwandidzutsa kale achimwene, nenani."

Ndinafotokoza nkhani yanga ya code yobowoka, mwachangu, ngati munthu amene akufuna kuti amuvomereze. Iwo sanatsutse. Anangoti ndidikire. Analowa ndi akaunti ya superuser, pa umodzi wa mipata itatu ija, n'kufunsa pg_stat_activity kuti ma connection akuchokera kuti, angati pa adiresi iliyonse. Ndinkamva akugogoda makiyi. Kenako anawerenga mokweza, mosathamanga.

"40. 40. 40. 40. Uyu 19. Uyu 2. Uyu 1." Anakhala chete pang'ono. "Achimwene, 40 ameneyu wachokera kuti? Ine ndimadziwa 10."

Sindinayankhe msanga. M'mimba munangoti zii.

Kukonza kwake kunatenga mphindi zosakwana 15. Ndinabweza ConfigMap pa 10. Ndinalembanso rollout undo kuti tibwerere ku code ya Lolemba, imene inalibe mlandu uliwonse. Ma pod amene anali atakumbatira 40 tinawapha ndi dzanja, mmodzimmodzi, kuti mipata ipezeke, kenako kubectl rollout restart kuti pasatsale ngakhale imodzi yokumbukira nambala yakale. Akuluwo anakhala pa foni mpaka chiwerengero chinakhazikika pa 120. Pomaliza anangoti, "Kagoneni, tikambirana Lolemba," ndipo Lolembalo sanandikalipire. Anandifunsa funso limodzi lokha, limene ndakhala ndikuliganizira kuyambira pamenepo: pamene munkati mwayesa, munayesa chiyani kwenikweni?

Ndinayesa ku staging. Koma ku staging kuli ma pod awiri, ndipo database yake ili pa 100, nambala imene PostgreSQL imabwera nayo. Awiri kuchulukitsa ndi 40 ndi 80, zimakwana bwinobwino. Komanso ku staging anthu amatumizako code kangapo patsiku, ndiye ma pod amadzuka pafupipafupi, ndipo 40 wanga anayamba kugwira ntchito tsiku lomwelo popanda ine kudziwa kuti wathandizidwa ndi kutumiza kwa munthu wina. Mayeso anga anayankha moona funso lakuti, kodi pulogalamu imayenda ikakhala ndi pool ya 40, kutanthauza ma connection 40 osungidwa pa kope lililonse? Imayenda. Funso limene linali lofunika linali lina: kodi makope 12 onse pamodzi angakwane pa database imodzi? Limenelo palibe amene analifunsa, ndipo staging sikanatha kuliyankha ngakhale nditayesa ka 100.

Ndazindikira kuti pafupifupi chilichonse chobiriwira chimene zida zimenezi zimationetsa chili chotere. Chimayankha funso lake, laling'ono, ndipo ife timamva ngati chayankha lathu lalikulu. kubectl diff imakuonetsani kusiyana kwa zimene mwalemba ndi zimene zili mu cluster, gulu lonse la maseva amene Kubernetes ikuyendetsa, ndipo ndi yabwino kwambiri, ndimaigwiritsa ntchito tsiku lililonse, koma ikanandionetsa 10 akusanduka 40, zimene ndinkazidziwa kale. Mukawonjezera --dry-run=server, cluster imayang'ana fayilo yanu ngati ili yolembedwa movomerezeka popanda kuisunga. Ya ine inali yovomerezeka. Mawu akuti successfully rolled out amatanthauza kuti ma pod atsopano anena kuti ali okonzeka. Nanga amanena bwanji? Kudzera mu readiness probe, kakhomo kamene Kubernetes imagogodapo masekondi 10 alionse. Kathu kankangoyankha 200, nambala yotanthauza kuti zonse zili bwino, pulogalamu ikakhala kuti yadzuka, osayang'ana ngati ili ndi njira yofikira ku database. Ndiye ma pod ouma aja ankati tili bwino, ndipo Kubernetes inkapitiriza kuwatumizira anthu.

Nkhani ya probe imeneyi tinakangana nayo sabata yathunthu, ndipo sindinganene kuti tinagwirizana onse. Wina ankafuna kuti liveness probe, kakhomo kena koonera ngati pulogalamu ikadali yamoyo, nayonso iziyang'ana database. Ine ndinakana, ndipo ndikukanabe. Liveness ikalephera katatu motsatizana Kubernetes imapha kontena, pulogalamu imene ili m'kati mwa pod, n'kuidzutsanso. Database ikangodwala pang'ono, ma pod onse angaphedwe nthawi imodzi, n'kudzuka onse pamodzi kukaithira database yodwalayo mulu wa ma connection atsopano. Readiness ndi yofatsa, imangochotsa pod pamzere wolandira anthu mpaka itachira. Tinamaliza n'kuti readiness izilephera pod ikakhala yopanda connection ngakhale imodzi. Nazonso zili ndi mtengo wake: database ikagwa yonse, ma pod onse amachoka pamzere, ndipo ngakhale masamba amene safuna database satsegukanso. Tinasankha kulandira zimenezo.

Patapita masiku, mnzanga wina ananditumizira nkhani ya Knight Capital, kampani ya ku America imene inkagula ndi kugulitsa masheya ndi makompyuta. Ndinkaidziwa kale pamwambapamwamba, monga mmene aliyense wa ntchito yathu amaidziwira. Pa 1 August 2012, code yatsopano inali itaikidwa pa maseva 7 mwa 8. Pa seva yachisanu ndi chitatu panatsala code yakale yotchedwa Power Peg, imene inadzutsidwa ndi chizindikiro chimene code yatsopano inachipatsa tanthauzo lina. M'mphindi pafupifupi 45 kampaniyo inataya madola oposa 400 miliyoni. Chimene sindinkachidziwa ndi chapakati pake. Pofuna kuzimitsa motowo, akatswiri awo anachotsa code yatsopano pa maseva 7 aja amene anali bwino, ndipo vutolo linakula, chifukwa tsopano maseva onse anali ndi code yakale ija. Ndinawerenga ndime imeneyo kawiri. Za ife zinali zazing'ono, palibe amene anataya ndalama, anthu anangolephera kutsegula pulogalamu kwa ola limodzi usiku. Koma dzanja limene linalemba undo pabedi panga ndi lomwelo. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ine nkhani ya mnzangayo ndinali nditaimva theka lokha.

Zimene tinasintha pambuyo pake si zambiri. Choyamba chinali kumanga ConfigMap ku Deployment kuti ziziyenda limodzi. Kustomize, pulogalamu yokonzera mafayilo a YAML imene inalowa mu kubectl momwemo kuyambira mtundu wa 1.14 mu 2019, ili ndi configMapGenerator: imawerenga zam'kati mwa ConfigMap, n'kupanga kachizindikiro kochokera pa zam'katizo, n'kukamata kumapeto kwa dzina. Mukasintha nambala imodzi dzina limasintha, Deployment imaona dzina latsopano, ma pod amadzutsidwa nthawi yomweyo inu mukuyang'ana, masana, osati Lachisanu usiku. Ndipo mukabwerera m'mbuyo, chithunzi chakale cha pod chimaloza dzina lakale, lomwe lili ndi nambala yakale, bola ConfigMap yakaleyo musanaifufute. Amene amagwiritsa ntchito Helm, pulogalamu ina yoikira zinthu pa Kubernetes, ali ndi njira ina yotchuka, yoika checksum ya ConfigMap, kachizindikiro kochokera pa zam'kati mwake, mu annotation, mawu apambali olembedwa pa pod. Imathandiza kudzutsa ma pod, koma chenjerani nayo: mukabwerera ndi kubectl rollout undo, annotation imabwerera koma zam'kati mwa ConfigMap zimatsala zatsopano, ndipo mwagwera m'dzenje langa lomwe lija. Pamenepo pamafunika helm rollback, imene imabweza zonse za release pamodzi.

Chachiwiri ndi chimene ndimachikonda kwambiri chifukwa cha kuchepa kwake. Ndi kapulogalamu ka mizere yosakwana 20 kamene kamathamanga kusintha kulikonse kusanavomerezedwe. Kamawerenga nambala ya ma pod, kuwonjezerapo atatu aja amene amabwera pa nthawi yosintha, kuchulukitsa ndi kukula kwa pool, n'kufananitsa ndi malire a database. Ma pod 15 kuchulukitsa ndi 10 ndi 150, zikudutsa. Pool ikakhala 13 ndi 195, zikudutsa mopanikizika. Ikakhala 14 kamakana. Masamu a ku pulayimale, koma ndi mayeso okhawo mwa onse amene tili nawo amene akanagwira cholakwa changa. Kanagwirapo kale munthu wina amene ankakweza ma pod kufika 20 osaganiza za database.

Wina anafunsa ngati canary ikanatipulumutsa. Imeneyi ndi njira yotumiza kusintha ku pod imodzi kaye, kapena kwa anthu ochepa, n'kuona ngati ikudwala musanatumize kwa onse. Dzinalo linachokera ku timbalame timene anthu okumba malasha ankalowa nato m'migodi kuti tiwachenjeze za mpweya woipa, zimene ku Britain zinatha mu 1986. Njirayi ndi yabwino ndipo timaigwiritsa ntchito. Koma pa vuto ili ikanatinamiza. Pod imodzi ya 40 pakati pa anzake a 10 ikanaoneka yathanzi kuposa onse, yothamanga, yopanda cholakwika, ndipo tikanaivomereza ndi mtima wonse. Kambalame kathu sikakanakomoka, chifukwa ndiko kanali kutha mpweya wa anzake. Kusintha kwina sikuvulaza amene wakulandira, kumavulaza oyandikana naye kudzera pa chinthu chimene onse amagawana. Kuyambira pamenepo, tikamayang'ana canary timayang'ananso database, mzere wa mauthenga, ndi chilichonse chimene ma pod amadyera pamodzi.

Kuchedwa kwa masana kuja, kumene kunayambitsa zonsezi, sikunali kwa pool n'komwe. Akulu aja anapeza query imodzi imene inkawerenga tebulo lonse chifukwa chosowa index, kalozera wothandiza database kupeza zinthu msanga, n'kumagwira connection kwa masekondi angapo. Anaika index, mzere unatha, pool ikadali pa 10. Anandikumbutsanso kuti PostgreSQL imatsegula process yakeyake pa connection iliyonse, ndiye kuchulukitsa ma connection si kwaulere, ndipo tikadzafunadi ochuluka tidzaika pakati PgBouncer, pulogalamu yogawira ma pod ambiri ma connection ochepa.

Chachitatu ndi chimene chinasintha kaganizidwe kanga. Tinali ndi mayeso mazana oyesa njira yopita kutsogolo, koma njira yobwerera tinali tisanaiyesepo ngakhale kamodzi. Tinkangoikhulupirira. Tsopano kusintha kulikonse kwakukulu kumayenda katatu ku staging: kutumiza chatsopano, kubwerera ku chakale, kutumizanso chatsopano, ndipo mayeso amathamanga pa malo onse atatu. Titangoyamba kuchita zimenezi tinatulukira zinthu zimene zinali zitabisala nthawi yaitali. Pulogalamu ina yaing'ono inkagwiritsa ntchito tag ya latest pa image yake, kutanthauza kuti mtundu wakale ndi watsopano zinali ndi dzina limodzi, ndipo kubwerera kunkangokokanso chatsopano chomwecho. Tinaisintha kuti tag izikhala nambala ya commit, chizindikiro cha kusintha kulikonse kwa code. Tinaonanso kuti undo ya pamanja imasiya Git, kumene timasunga code ndi mafayilo athu, ikunena zina, cluster ikuchita zina. Munthu wotsatira akangotumiza zake, cholakwika chija chimabwereranso. Amene ali ndi Argo CD, pulogalamu yofananitsa cluster ndi Git, yoikidwa kuti izikonza yokha, iyo imabwezeretsa zimene zili mu Git popanda kudikira munthu. Ndiye kwa ife tsopano kubwerera kwenikweni ndi git revert, ndipo undo ndi yongogulira mphindi zochepa moto ukayaka.

Koma malo amene njira yobwerera imaduka kwenikweni ndi pa database. Code mungaibweze, ConfigMap mungaibweze, koma column imene mwaifufuta yapita ndi zonse zinali m'menemo, madzi akatayika saoleka. Ndiponso pa nthawi imene Kubernetes ikusintha ma pod atatuatatu, code yakale ndi yatsopano zimayenda limodzi kwa mphindi zingapo pa database imodzi, choncho tebulo liyenera kumveka kwa onse awiri.

Mwezi wathawu zinatigwira pa mayeso obwerera aja. Mtsikana amene wangoyamba kumene ntchito pagulu lathu anasintha dzina la column ina kuti limveke bwino, ndipo analondola, dzina lakalelo linali losokoneza. Kupita kutsogolo mayeso onse anapambana. Titabwerera ku code yakale, ma pod anadzuka, readiness inati ali bwino, rollout status inati successfully rolled out, koma tsamba lililonse lokhudza tebulo limenelo linagwa, poti code yakale inkafunafuna dzina limene kulibenso. Inali 10 koloko m'mawa Lachitatu, ku staging, tonse tili maso. Anandiyang'ana mwamantha ngati wapalamula.

"Achimwene, ndiye ndibweze dzina lakale lija?"

Ndinamuuza kuti ayi, dzina lake latsopanolo likhale, koma tilifikire m'maulendo atatu. Ulendo woyamba tiwonjezere column yatsopano pambali pa yakale, code izilemba m'zonse ziwiri, ndipo zakale tizikopere. Ulendo wachiwiri code iyambe kuwerenga yatsopano, ikulembabe m'zonse. Wachitatu, patapita nthawi ndipo titatsimikiza kuti palibe mtundu wa code umene tingafune kubwererako womwe ukudalira yakale, ndiye tiifufute. Anati zikuoneka zochedwa pa kusintha dzina lokha. Ndinavomera kuti n'zochedwadi, kenako ndinamukokera mpando n'kumufotokozera za 40.

Maulendo awiri oyamba adutsa. Column yakale ikadalipo m'tebulomo, palibenso amene akuiwerenga, ndipo kuifufuta talemba pa kalendala Lachiwiri likubwerali, 9 koloko m'mawa, akulu a database aja ali pampando wawo.